Kupatsa N'kuika: Za Anthu Osunga Timabuku Takale ta Zithunzi

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2024, pa okushoni ya kampani ya Heritage Auctions m'dziko la America, munthu wina adagula kabuku kakang'ono pamtengo wa madola 6 miliyoni. Dzina la kabukuko ndi Action Comics nambala 1, ndipo kadasindikizidwa m'chaka cha 1938. Ndi kamodzi mwa timabuku tija tosimba nthano ndi zithunzi zondondozana, momwe zolankhula za anthu zimalembedwa m'timabwalo totuluka pakamwa pawo, tomwe ena amati makatuni kapena makomiki. Pamene kadali katsopano, mwana ankakagula ndi masenti 10 okha, n'kukapinda pakati, n'kukalowetsa m'thumba la kabudula. Akatha kuwerenga ankapatsira mnzake, mnzakeyo n'kupatsiranso wina, mpaka chikuto kuthothoka. M'kabuku kameneka ndimo mudaonekera koyamba ngwazi ya m'nthano yotchedwa Superman.

Chodabwitsa si mtengo wokhawo ayi. Kabukuko kadagulitsidwa kali m'kabokosi kolimba ka pulasitiki koonekera m'kati, kotsekedwa mbali zonse, ndipo pamwamba pake padali chiphaso chonena kuti maonekedwe ake akwana 8.5 pa 10. Diso limangoona chikuto cha kutsogolo ndi cha kumbuyo basi. Wogulayo sangathe kuwerenga zam'kati pokhapokha atalolera kuswa kabokosiko. Apa pakubuka funso loyenera kulingaliridwa ndi aliyense wokonda zolembalemba: kodi buku limasungidwira chiyani? Mbiri ya anthu osunga timabuku timeneti ikusonyeza kuti pali mayankho awiri, ndipo mayankhowo adabala mitundu iwiri ya osunga. Mtundu woyamba unkasunga kuti uwerenge, udziwe ndi kudziwitsa ena. Mtundu wachiwiri umasunga kuti udzagulitse. Mitundu yonseyi ili ndi zimene idachita bwino, koma ikaikidwa pasikelo siilemera mofanana.

Poyamba n'kofunika kumvetsa chifukwa chimene timabukuti tidasowera. Makope a Action Comics nambala 1 adasindikizidwa pafupifupi 200,000, koma akatswiri amaganiza kuti amene atsala ndi pafupifupi 100 okha. Osindikiza sadakonze timabukuti kuti tikhalitse. Ankagwiritsa ntchito pepala lotsika mtengo la nyuzipepala, lomwe lili ndi asidi, kotero pakapita zaka limasanduka lachikasu n'kumanyenyeka, makamaka likakhala pamalo otentha kapena achinyezi. Masamba ankawalumikiza ndi timawaya tomwe timachita dzimbiri n'kudetsa pepala. Kenaka idabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene dziko la America lidalowamo mu 1941. Boma lidapempha anthu kuti asonkhe mapepala akale kuti akapangire zinthu zofunika kunkhondo, ndipo ana asukulu ankayenda khomo ndi khomo kutolera nyuzipepala, magazini ndi timabuku ta zithunzi. Totsala tambiri tidatayidwa ndi makolo posesa m'nyumba, ana aja atakula n'kuchoka pakhomo.

Padalinso chidani. Nkhondo itatha, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makolo ena adayamba kunena kuti timabukuti tikuwononga khalidwe la ana. Mu 1948, m'matauni monga Spencer ku West Virginia ndi Binghamton ku New York, ana asukulu adaunjika timabuku tambirimbiri pabwalo n'kuyatsa moto akuluakulu akuonerera. Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, adatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent, momwe adanena kuti nthano za zithunzi zimaphunzitsa ana upandu. Chaka chomwecho komiti ya aphungu a nyumba ya Senate idamva maumboni pankhaniyi, ndipo osindikiza, poopa kuti boma liwaikira lamulo, adadzikhazikitsira okha bungwe loletsa nkhani zoopsa ndi zolaula. Makampani ambiri adagwa. Mu 2012 wofufuza wina, Carol Tilley, ataunika mapepala amene Wertham adasiya, adasonyeza kuti dokotalayo ankapotoza ena mwa maumboni a ana amene ankawafunsa. Koma pofika nthawi imeneyo phulusa lidali litauluzika kalekale. Motero chinthu chimene chidali chochuluka ngati mchenga chidasanduka chosowa chifukwa chonyozedwa.

Nanga m'kati mwa kabuku kotsekeredwa kaja muli chiyani? Nthano ya Superman ili ndi masamba 13 okha, ndipo masamba ena onse ndi a nthano zina zomwe zambiri zidaiwalika. Wowerenga wa lero angadabwe kuona kuti ngwazi ya m'masamba amenewa siuluka mumlengalenga, imangodumpha patali, ndipo adani ake si zilombo zochokera kunyenyezi. Iye akuthyola chitseko m'nyumba ya bwanamkubwa usiku kuti apulumutse mayi amene waweruzidwa kuti aphedwe pamlandu umene sadapalamule. Akulanga mwamuna womenya mkazi wake. Akulondalonda munthu wochita zakatangale ndi phungu mumzinda wa Washington. Zithunzi zake n'zosasalala, ndipo nthanoyo ikuthamanga mwaphuma ngati wosimbayo akuopa kuti malo amuthera. Ngakhale chiyambi chake chikuoneka chodulidwa, pakuti zithunzizo zidakonzedwera nyuzipepala, kenaka n'kudulidwa ndi kumatidwanso kuti zikwane m'kabuku. Komabe muli moto. Ndi nthano yolembedwa m'nyengo ya umphawi wadzaoneni umene udagwa m'America m'zaka za m'ma 1930, ndipo ikulankhulira anthu osowa wowaimira. Zonsezi sizioneka pachikuto, pomwe pali munthu wonyamula galimoto n'kuiphwanyira pathanthwe.

Kuti munthu adziwe kumene nthanoyi idachokera, ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zingapo, kukaona timagazini tosaoneka bwino tomwe achinyamata ankadzisindikizira okha. Mu 1926 Hugo Gernsback adayambitsa magazini ya Amazing Stories, ya nthano zopeka za sayansi. Patsamba la makalata ankasindikiza dzina la wolemba kalata pamodzi ndi keyala yake. Kachitidwe kakang'ono kameneka kadabala zazikulu, pakuti mnyamata amene ankadziona ngati ali yekha wokonda nthano zotere m'tauni mwake adazindikira kuti ali ndi anzake kutali. Achinyamatawo adayamba kulemberana makalata, kenaka kupanga timagulu, ndipo mu 1930 gulu lina la ku Chicago lidatulutsa kamagazini kotchedwa The Comet, komwe ambiri amati ndiko kadali koyamba. Mu 1940 Russ Chauvenet adatcha timagazini totere dzina lakuti fanzine, kutanthauza magazini ya anthu okonda chinthu. Timagaziniti sitidali tamalonda. Eni ake ankalemba pamakina otayipira, n'kuchulukitsa masambawo pamakina opukusa ndi dzanja, onga aja ankasindikizira mayeso m'sukulu, ndipo malipiro ake kawirikawiri adali masenti owerengeka, kalata yoyankha kapena kamagazini kosinthana nako.

Mwa achinyamata amenewa mudali awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ana a mabanja a Chiyuda ochokera ku Ulaya, onse obadwa mu 1914. Adakumana pasukulu ya sekondale ya Glenville. Siegel ankalemba, Shuster ankajambula. Mu 1932, asanamalize sukulu, adayamba kutulutsa kamagazini kawo kotchedwa Science Fiction, komwe kadangotuluka kasanu. M'kope lachitatu, la Januwale 1933, mudali nthano yotchedwa The Reign of the Superman. Superman wa m'nthano imeneyi ndi munthu woipa: mmphawi wotoledwa pamzere wa olandira chakudya chaulere, amene wasayansi wina akumupatsa mankhwala okuza mphamvu za maganizo. Mphamvuzo akuzigwiritsa ntchito mwadyera ndi mwankhanza, ndipo pamapeto zikumuthera, iye n'kuzindikira kuti abwerera pamzere womwe uja. Monga nthano, ndi ntchito ya wophunzira, yodzala ndi mawu okokomeza. Koma wounika zolembalemba sangaipeputse, chifukwa ikuonetsa poyera funso limene anyamatawa adali nalo: kodi munthu wamba atapatsidwa mphamvu zoposa anthu onse angachite nazo chiyani? Mu 1933 adayankha kuti angazunze nazo anzake. Mu 1938 adayankha kuti angateteze nazo ofooka. Pakadapanda wosunga kamagazini kaja, kusintha kwa maganizo kumeneku sikukadaoneka bwino chotere.

Kwa zaka pafupifupi zisanu anyamatawa adayenda ndi ngwazi yawo kwa osindikiza osiyanasiyana koma ankangokanidwa. Mu Malichi 1938 kampani ya Detective Comics idaigula pamodzi ndi umwini wake wonse pamtengo wa madola 130, ndipo idawalipira ndi cheke. Awiriwa adapitiriza kulemba ndi kujambula pamalipiro abwino ndithu, koma phindu lenileni lidapita kwa eni kampani. Atasuma mlandu mu 1947 pofuna kubwezeredwa umwini, ntchito idawathera ndipo mayina awo adafafanizidwa m'timabuku ta Superman. Shuster adakalamba ali wosauka, maso akuchita khungu. Mu 1975 ndi pamene eni kampani, atakakamizidwa ndi ojambula otchuka monga Neal Adams ndi Jerry Robinson, komanso poopa manyazi a m'nyuzipepala, adavomera kupatsa aliyense wa iwo madola 20,000 pachaka ndi kubwezeretsa mayina awo. Nkhani ya awiriwa siidali yachilendo. M'ntchito imeneyi udali mwambo kuti kampani ndiyo mwini, ndipo olemba ndi ojambula ambiri sankatchulidwa n'komwe. Timabuku tosawerengeka tinkatuluka topanda dzina la mmisiri.

Apa ndi pamene ntchito ya osunga a mtundu woyamba ikuonekera. Mu 1961 Julius Schwartz, mkonzi wa kukampani yomwe ija, imene lero imadziwika ndi dzina lakuti DC, adayamba kusindikiza makeyala a olemba makalata m'timabuku timene ankakonza, monga ankachitira Gernsback. Schwartz ankadziwa chimene akuchita, pakuti iye mwini ali mnyamata adathandiza kutulutsa kamagazini ka The Time Traveller mu 1932. Zotsatira zake zidali zomwe zija. Anthu akuluakulu amene ankabisa chikondi chawo pa timabuku ta ana poopa kusekedwa adapezana. M'chaka chomwecho Jerry Bails, mphunzitsi wa payunivesite ya Wayne State ku Detroit, adatulutsa kamagazini ka Alter Ego mothandizana ndi Roy Thomas, ndipo Don ndi Maggie Thompson adatulutsa Comic Art. Chaka cha 1960 Dick ndi Pat Lupoff adali atayamba kale kamagazini ka Xero, momwe munkatuluka nkhani zokumbukira timabuku ta m'zaka za m'ma 1940.

Anthu amenewa ankasakasaka timabuku takale m'masitolo a mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, m'zipinda zosungiramo katundu ndi kwa achibale. Koma akapeza sankabisa. Ankawerenga, n'kulemba zimene apeza: nambala ya kope, chaka, mitu ya nthano, kuchuluka kwa masamba, ndi dzina la amene akumuganizira kuti ndiye adajambula. Wina akalakwitsa, mnzake wa kutali ankamuwongolera m'kope lotsatira. Mutu umodzi susenza denga. Padalibe mmodzi amene adali ndi timabuku tonse, choncho nzeru zinkamangidwa ndi makalata. Bails adafika pojambula timabuku tosowa patimafilimu tating'onoting'ono kuti amene sangathe kugula athe kuwerengabe. Pakati pa 1973 ndi 1976 iye ndi Hames Ware adatulutsa mabuku anayi a mayina ndi ntchito za olemba ndi ojambula. Ntchito yotereyi idayenera kugwiridwa ndi sukulu za ukachenjede ndi nyumba zosungira mabuku, koma m'masiku amenewo anthu ambiri ophunzira ankaona timabukuti ngati zinyalala.

Zitsanzo ziwiri zikukwanira kusonyeza phindu lake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, timabuku ta bakha wotchedwa Donald Duck tinkatuluka ndi dzina la Walt Disney lokha, ngakhale kuti Disney sindiye ankajambula. Ana owerenga mwachidwi adazindikira okha kuti mwa ojambula osatchulidwawo mudali mmodzi woposa anzake. Nthano zake zidali zolukidwa bwino, nkhope za abakha ake zidali ndi moyo, ndipo malo akutali amene ankawajambula ankaoneka kuti adayamba wawafufuza. Posadziwa dzina lake, ankangomutcha wojambula wabwino uja. Cha m'ma 1960 ena mwa owerengawo, atakula, adafunsafunsa mpaka adamupeza. Adali Carl Barks, bambo wachikulire wokhala ku California, amene ndiye adayambitsa Scrooge McDuck mu 1947, ndipo adali atagwira ntchito zaka zambiri osadziwa kuchuluka kwa omuyamikira. Kumeneku ndiko kuunika zolembalemba kwenikweni, kuzindikira dzanja la mmisiri popanda wina woloza.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha Batman, amene adaonekera koyamba mu 1939. Kwa zaka zambiri timabuku take tinkatchula Bob Kane yekha monga woyambitsa. Mu 1965 Bails adalemba nkhani m'kamagazini kena kofalitsidwa pakati pa anthu owerengeka, momwe adaulula kuti munthu wina wotchedwa Bill Finger ndiye adalemba nthano zoyambirira ndi kuthandiza kukonza maonekedwe ndi mbiri ya ngwaziyo. Kane adakana mwaukali. Finger adamwalira mu 1974 ali wosauka ndi wosadziwika. Koma mawu aja sadafe. Ofufuza ena adawatola, ndipo mu 2015 kampani ya DC idavomera kuyamba kulemba dzina la Finger pambali pa la Kane. Padatenga zaka 50 kuti choona cholembedwa papepala lopukusidwa ndi dzanja chifike m'timabuku ndi m'mafilimu a kampaniyo.

Sikuti timagaziniti tidali topanda chilema. Tambiri tidalembedwa mwachibwana, todzala ndi zolakwika za kalembedwe ndi mikangano yosapindulitsa ya eni ake. Olemba ake ankakonda kutamanda kuposa kuunika, ndipo nthawi zina ankasokoneza kukoma kwa nthano ndi kukoma kwa ubwana wawo umene ankaukumbukira. Popeza ambiri adali amuna okonda ngwazi zamphamvu, adasamala kwambiri timabuku ta ngwazizo, n'kunyalanyaza ta nthano zachikondi tomwe atsikana ankawerenga mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Motero mbiri imene adasiya ndi yopendekera mbali imodzi. Komabe chilema chawo n'cha munthu wokonda mopyola muyeso, osati cha munthu wadyera. N'zochititsa chidwi kuti Wertham yemwe uja, mdani wa timabuku ta zithunzi, mu 1973 adatulutsa buku lotchedwa The World of Fanzines, momwe adayamikira timagaziniti monga njira yabwino yolankhulirana anthu momasuka, popanda kufunapo phindu.

Zinthu zidayamba kutembenuka mu 1970, pamene Robert Overstreet adatulutsa buku la mitengo ya timabuku takale. Bukulo lidatsamira pa kaundula amene osunga oyamba aja adasonkhanitsa, ndipo Bails adathandizapo. M'kope loyambalo mtengo wa Action Comics nambala 1 udaikidwa pa madola 300. Cholinga chidali chabwino, kuti wogula ndi wogulitsa asapusitsane. Koma buku la mitengo limaphunzitsa diso kuyang'ana kwina. Funso lakale lidali lakuti, wajambula ndani, nanga nthano ikuti chiyani? Funso latsopano lidakhala lakuti, kodi ngodya zapindika, nanga timawaya tachita dzimbiri? Kabuku kamene kadawerengedwa ndi ana khumi kadayamba kuonedwa kotsika poyerekeza ndi kamene sikadatsegulidwepo. Mwa njira imeneyi zizindikiro zosonyeza kuti buku lidakondedwa zidayamba kuwerengedwa ngati zilema.

Mu 1977 wamalonda wachinyamata wa ku Colorado, Chuck Rozanski, adaitanidwa kunyumba ina mumzinda wa Denver komwe adapeza timabuku toposa 18,000 tounjikidwa bwinobwino. Mwini wake, Edgar Church, adali wojambula zithunzi za otsatsa malonda, ndipo adakhala akugula timabuku kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1950 kuti azionerako kajambulidwe. Chifukwa cha mpweya wouma ndi wozizira wa kumaloko, mapepala adali oyera ngati asindikizidwa dzulo. Chuma chimenechi chikadakhala pamodzi chikadasanduka nkhokwe yosayerekezeka ya ofufuza. M'malo mwake chidagulitsidwa pang'onopang'ono n'kumwazikana, ndipo chidakhala muyeso watsopano wa kuyera kwa pepala umene ogula olemera adayamba kuufuna. Church adagula chifukwa cha zimene zidali m'kati. Ambiri ogula pambuyo pake adakopeka chifukwa timabukuto tinkaoneka ngati palibe adatsegulapo.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 dyera lidafika pachimake. Nyuzipepala zinkalemba za mitengo ya timabuku takale, ndipo anthu amene sankawerenga n'komwe nthano za zithunzi adayamba kugula timabuku tatsopano m'makatoni, poyembekeza kudzalemera. Makampani adakolezera moto. Mu 1991 kampani ya Marvel idatulutsa X-Men nambala 1 ndi zikuto zisanu zosiyana kuti munthu mmodzi agule kasanu, ndipo makope oposa 8 miliyoni adaodedwa. Chakumapeto kwa 1992 kabuku kosimba imfa ya Superman kadagulitsidwanso m'kathumba kakuda komata, ndipo ambiri sadakatsegule poopa kutsitsa mtengo. Adaiwala chinthu chimodzi chapafupi: kabuku ka 1938 n'kodula chifukwa tinzake tidatayidwa, pamene kabuku kosungidwa ndi aliyense sikangasowe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Msika udagwa, masitolo ambiri adatsekedwa, ndipo mu Disembala 1996 kampani ya Marvel, yomwe idalinso itasenzetsedwa ngongole zazikulu ndi eni ake, idakapempha chitetezo kukhoti polephera kubweza.

Kabokosi ka pulasitiki kadabwera m'chaka cha 2000, pamene kampani ya CGC idayamba ntchito yoyesa timabuku. Mwini amatumiza kabuku kake, akatswiri amakaunika tsamba ndi tsamba, amaona ngati wina adakakonzapo mobisa ndi utoto kapena guluu, amakapatsa nambala pakati pa 0.5 ndi 10, kenaka amakatsekera. Wotsegula kabokosiko amathetsa mphamvu ya chiphaso. M'zaka zotsatira mitengo ya timabuku tosowa idakwera mofulumira. Mu 2010 kope lina la Action Comics nambala 1 lidagulidwa madola 1 miliyoni, ndipo mu 2014 linanso lidagulidwa madola oposa 3 miliyoni pa eBay.

Oikira kumbuyo kachitidwe kameneka ali ndi mfundo zosayenera kunyozedwa. Amati mtengo ndiwo udapulumutsa timabuku tambiri, pakuti munthu amene akadataya mtolo wa mapepala a malemu agogo ake tsopano amayamba wafunsa. Amati chiphaso chimateteza wogula kwa akathyali, makamaka pogula pa intaneti kwa munthu wosamudziwa. Amatinso pepala la zaka zoposa 80 silingapirire zala za anthu ambiri, ndipo nthano zotchuka zidasindikizidwanso kambirimbiri, kotero wofuna kuwerenga Superman woyamba sasowa pogwira. Zonsezi n'zoona, ndipo wounika wachilungamo ayenera kuvomera kuti pakadapanda ndalama za amalonda, zambiri zikadathera kudzala.

Komatu mfundozi zili ndi malire. Zimene zimasindikizidwanso kawirikawiri ndi zotchuka zokha, ndipo nthawi zambiri zimatuluka atachotsamo masamba a makalata ndi a otsatsa malonda, momwe muli umboni wa anthu amene ankawerenga ndi zimene ankalakalaka. Timabuku tosatchuka, tomwe mwina makope ake atsala owerengeka, tikatsekeredwa ndiye kuti tachoka m'maso mwa ofufuza. Chachikulu koposa n'chakuti nambala ya pachiphaso siyesa luso. Nthano yozizira yosungidwa bwino imapambana nthano yaluso yong'ambika ngodya. Barks sakadadziwika ndi anthu oyang'ana chikuto chokha. Palinso chinthu china chowawa. Mu 2012 cheke chija chimene Siegel ndi Shuster adalandira, momwe mudali madola 130 a Superman pamodzi ndi malipiro a ntchito zina, chidagulitsidwa pa okushoni pamtengo wa madola 160,000. Pachekepo mayina a onse awiri adalembedwa molakwika. Kapepala kochitira umboni kuti amisiri ataya ngwazi yawo kadagulidwa ndalama zoposa kachikwi zimene amisiriwo adalandira pangwaziyo. Msika umadziwa kuika mtengo pa katundu, koma kukumbukira amene adamupanga si ntchito yake.

Timagazini ta achinyamata tija tili pangozi yoposa. Ena ankasindikiza makope makumi owerengeka okha, ndipo inki yapepo ya makina ena imazilala ikaona dzuwa mpaka tsamba kuyera. Towerengeka, monga ka Siegel ndi Shuster, tidalowa pamsika wa olemera, koma tambiri tilibe mtengo wokopa wamalonda. Timene tidapulumuka tidapulumuka chifukwa eni ake ankatumizirana, kotero kope likatayika kwa wina linkapezeka kwa mnzake mumzinda wina. Osunga ena atakalamba kapena atamwalira, mitolo yawo idafika ku nyumba za mabuku. Yunivesite ya California ku Riverside ikusunga timagazini tambirimbiri totere, yunivesite ya Iowa idalandira ta Rusty Hevelin, ndipo yunivesite ya Michigan State ili ndi nkhokwe yaikulu ya timabuku ta zithunzi tomwe wophunzira angathe kupempha n'kuwerenga. Kumeneko kabuku kamasamalidwa ndithu, komabe kamatsegulidwa. Izi zikusonyeza kuti kusamala buku sikuletsa kuliwerenga.

Pomaliza, wosunga sayesedwa ndi kuchuluka kwa zimene ali nazo kapena ndi mtengo wake, koma ndi zimene anthu adziwa chifukwa cha kusunga kwakeko. Mlimi amapachika chimanga cha mbewu patsindwi, kutali ndi anankafumbwe, kuti mvula ikagwa chidzalidwe. Bails ndi anzake adasunga motero, ndipo zokolola zake ndi mayina a Barks, Finger ndi amisiri ena mazanamazana amene akadaiwalika. Amene ali ndi kabuku ka madola 6 miliyoni ali ndi ufulu wonse pa katundu wake, ndipo mwina akukasamala bwino kuposa wina aliyense. Koma kabukuko kadapangidwa kuti mwana wa masenti 10 akatsegule, aone munthu wamphamvu akuimira ofooka, ndipo ntchito imeneyi sikangaigwire kali m'kabokosi. Akuluakulu akale adati kupatsa n'kuika. M'mbiri ya timabuku timeneti mwambiwu wapherezera, pakuti zimene zidagawidwa m'makalata ndi m'timagazini topukusidwa ndi dzanja ndizo zikudziwika mpaka lero.